Tayala la Sayizi 24

Promise anali atayesa matayala onse amene anabwera nawo kuchokera ku shedi yake yokonzerako njinga, ndipo palibe limene linalola. Ena anali aakulu, limu ya wilo inkangosambiramo. Lina, limene anachotsa pa kanjinga ka mwana wa aneba, linathera pakati.

"Madala, kuno ku Biwi timadziwa 26 ndi 28 basi," anatero akupukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja. "Yanuyi ndi 24. Ngakhale mutagwedeza msika wonse wa Lilongwe lero, simuipeza."

Che Bwanali anali pamkeka pakhonde, atavala mkanjo woyera wosita bwino, mafuta onunkhira akumveka mpaka kumpanda. Anayang'ana njinga yawo itatsamira pa njerwa, wilo lili pansi. Imeneyo sinali njinga wamba. Anaigula ku Durban, m'sitolo ya magalasi okhaokha, ndipo idalowa m'Malawi itakulungidwa ngati mkwatibwi. Munthu amene adayendetsa mathiraki kuchoka ku Beira kukafika ku Lubumbashi, amene adayamba ndi kugulitsa mtedza pa depoti n'kudzamanga nyumba za lendi mzere wathunthu, sakanagula chinthu chimene aliyense ali nacho. Ana a m'makwalala ankaithamangira ikamadutsa. Masipoko ake ankawala ngati mano a wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa.

Lero, tsiku la ukwati wa mwana wawo Raisa, tayala lake linali litang'ambika m'mbali.

Ukwatiwo unkayenera kumangidwa ikangotha swala, pemphero la masana. Shehe anali atanena kale kuti sadikira munthu, chifukwa anali ndi maliro ku Kawale. Bambo wa mkwatibwi ndiye amene amagwira dzanja la mkwati pamaso pa mboni n'kunena kuti ndakupatsa mwana wanga. Bambo akasowa, amaimirira mbale wake. Ndipo mbale wa Che Bwanali anali Ayman, mng'ono wawo, munthu amene sanagulepo ngakhale pensulo ya Raisa koma pazithunzi amakhala kutsogolo.

Mzikiti sunali kutali. Nsonga yake yobiriwira inkaoneka bwinobwino pamwamba pa malata a anthu. Amayi onse anali atapita kale kukakonza mkwatibwi, ndipo pabwalo panatsala nkhuku zokha.

"Lisoke," anatero Che Bwanali.

Promise anasoka tayala lija ndi ulusi wa nsapato, n'kumata chigamba pa chubu. Atatenga pampu, anaima. Valavu, polowera mpweya, ya njinga ya ku Durban inali yowonda ngati singano, pampu ya ku Biwi kukamwa kwake kunali kwakukulu. Anakulunga kamphira, anakanikiza ndi chala, anapopa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Mpweya unalowa pang'ono. Kenako chubu chinatuluka pamsoko paja ngati chotupa, n'kuphulika. Nkhuku zinabalalika.

Foni inalira. Anali Ayman.

"Achimwene, musadzivute. Anthu adzaza kale kuno. Ndikuimirirani ine, si magazi amodzi? Kapena nditumize anyamata adzakutengeni?"

"Ine si thumba la makala," anayankha Che Bwanali, n'kudula.

Galimoto sikadafika pakhomopo. Kanjira kake kanali kopanikizika pakati pa mipanda ya njerwa, ndipo mvula inali itakumba ngalande pakati. Wakabaza wina anasuzumira pageti, anaona nkhope ya mwini nyumba, n'kupitiriza ulendo wake osafunsa.

"Chotsa wilo la njinga yako uike apa."

Promise anagubuduza njinga yake, anamasula wilo, analiyesa. Ekiselo, kachitsulo ka pakati pa wilo, inakana kulowa.

"Izi sizikwatirana, madala. Lathuli limamangidwa mbali zonse ziwiri. Lanuli limagwira mbali imodzi, ndiye amachita kudina kabatani. Anthu a ku Joni ndi nzeru zawo."

"Ndiye ika udzu. Kumudzi kwanu simutero?"

Promise anaseka pang'ono, koma ataona kuti mnzake sakuseka, anazula udzu kumpanda, anawonjezera nsanza, n'kuzipanikiza m'tayala ndi sipanala. Linaoneka ngati lakhuta. Atangolikankha pansi kuti aone, tayala linavuka pa limu n'kugwera uko.

Foni inaliranso. Ulendo uno anali Raisa, akulankhula motsitsa mawu pakati pa phokoso la amayi.

"Ababa, akuti bambo aang'ono Ayman avala kale jekete. Munandilonjeza kuti mubwera nokha."

"Ndinalonjeza."

"Ndiye muli pati?"

"Ndili m'njira, mwanangu. Uwauze asakhale pamalo panga."

Anaika foni m'thumba. Kunja kwa mpanda anthu ankadutsa, akulowera kumzikiti, ena akukweza dzanja kupereka moni, ena akunamizira kuyang'ana kwina. Promise anakhala pa chidebe, zitsulo zili mbwee pamapazi pake.

"Pepani, madala. Ndalephera."

Pomwepo mawu oitanira ku swala anamveka pa chimkuzamawu, akuyenda pamwamba pa malata.

Che Bwanali anapinda mkanjo wawo mosamala mpaka m'chiuno, n'kumanga mfundo. Anavula chisoti n'kumupatsa Promise.

"Gwira ichi, chisade. Vula masilipasi akowo undibwereke."

Promise anavula osafunsa. Che Bwanali anawavala m'manja, limodzi uku, lina uku. Anayang'ana komaliza njinga yawo ya olumala ili pa njerwa, imene inawayendetsa chiyambire tsiku limene thiraki idawadula miyendo pamsewu wa ku Tete. Kenako anatsika pakhonde ndi manja, n'kulunjika kugeti.