Makani a Bambo a Tiyanjane

Chibwerere amuna ake ku makina a kuboma, kumene womwalira aliyense amaumbidwanso kamodzi, Nagama sanakanganepo ndi munthu m'nyumba mwake.

Tsiku lokalembetsa anachita kumupanikiza kalaliki. "Mowa chotsani. Makani aja ndiye musasiyeko ngakhale pang'ono."

"Mayi, tikachotsa zimenezi atsala omwewo?"

"Iwe, khasu ukalisintha mpini limasanduka nkhwangwa? Lemba msanga, ndasiya nyemba pamoto."

Tsopano bambo a Tiyanjane amakhala pakhonde, chipsera chomwe chija pachibwano, mawu omwe aja. Ndiwo zikachepa mchere amathokoza. Nagama anagulitsa mbuzi yawo yamkota osawauza, iwo anangoti wachita bwino.

M'mawa wina mu Juni anawaikira dala madzi osamba ozizira, n'kuima poteropo manja ali m'chiuno, kudikira kuti alankhule. Anasamba, n'kuthokoza.

"Tandiuzani," anatero Nagama, "ndinudi amene munandikwatira, kapena eniake ndi aja tinaika kumanda?"

"Mmene mukuoneramo inuyo, mayi."

Nagama anakhala pansi. Amuna ake akanamutsutsa mpaka nkhuku kulowa m'khola.