Kapepala ka m'chikwama cha Shagufta

Mwamva kale, eti? Mumsewu mwathu muno mu Lahore aliyense wakhala akunong'ona kuti achemwali anga, a Shagufta, ali ndi chibwenzi chamseri, chikhalirecho ukwati wawo ndi mwezi wamawa.

Ndiye lero apongozi awo, mayi Nighat, anafika atagwira kapepala kamene kanagwa m'chikwama cha achemwali. Panali mizere iwiri ya Chiurdu yotamanda mikono ya mkazi.

"Kalembedwe kokongola chonchi ndi ka mnyamata wachinyengo," anatero. "Ukwati uyambe waima."

Achemwali ankangolira. Ine ndinajambula kapepalako ndi foni n'kuika chithunzicho pa tsamba la intaneti lozindikira mitundu ya zilembo. Tsambalo linayamba kufufuza.

Kenako dzina la zilembozo linatulukira!

"Mayi Nighat, si dzanja la munthu ili," ndinatero, "ndi zilembo za kompyuta. Taonani, michira ya zilembozi yonse ndi yofanana ndendende."

"Iwe kamwana, kompyuta ingalembe mopendeketsa chonchi?"

Amayi anga ananyamuka mwakachetechete n'kubwera ndi mabokosi atatu a zibangili zaukwati. M'bokosi lililonse munali kapepala konga komweko. Wogulitsa zibangiliyo ndiye amangoikamo timapepalati!

Achemwali anaseka misozi ili mbwee. Mayi Nighat anatsokomola pang'ono n'kutola samusa.

"Ine ndimadziwa kale kuti mwana wanga Shagufta sangatero."

Ndiye tandiuzani, nkhani yokoma chonchi ndiyambe kuuza ndani, mnzanga Zubeda kapena msewu wonse?