Mkono wa Mayi Alufandika

"Bweretsani khandalo kuno, bambo a Madalo, mwatopa," anatero Mayi Alufandika, wapampando wa limana la Akatolika la ku Bangwe komwe Onesimo ankapemphera.

Onesimo, yemwe ananyamula khandalo, anali atangochoka kumanda kokaika mkazi wake Petronela, yemwe anamwalira pobereka mwana wachisanu ndi chiwiri.

Adokotala anali atachenjeza kuti mimba ina idzamupha. Petronela anakaikitsa nopulanti, timitengo tolerera, mwakachetechete, koma Onesimo atakhudza timitengo tiwirito pansi pa khungu la mkono wake, anakanena kulimana. Amene anabwera kudzaweruza anali Mayi Alufandika omwewa.

"Mpingo sulola zimenezi," anatero tsiku limenelo. "Mukachotse, muziwerenga masiku. Apo ayi, musayandikire Ukalistia."

Petronela, yemwe sankajomba Misa, anakachotsa akulira.

Tsopano mayiwo atatambasula manja kuti alandire khandalo, mkono wa bulauzi yawo unakwera m'mwamba. Mkati mwa mkono wamanzere, timitengo tiwiri tinatukula khungu. Onesimo anatizindikira pomwepo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

Mayi Alufandika anakoka bulauziyo msanga, nayang'ana uku ndi uku.

"Tsitsani mawu, bambo, pali anthu," ananong'ona. "Inetu ndili ndi BP. Adokotala anati ndikangotenganso mimba, basi kwatha. Nanga ana anga angawalere ndani?"

Onesimo anatembenukira pakhonde, pomwe Madalo, mwana wake woyamba yemwe anali mu Sitandade 7, anali atabereka kale mng'ono wake wina kumbuyo ndi nsalu ya mayi ake.