Mapazi Mazana Atatu

Chibangili cha inshulansi ya ukalamba chinali pamwendo pa a Kamphinda, ndipo chinkawerenga mapazi awo. Lamulo lake linali limodzi: nkhalamba ikapyola mapazi mazana atatu patsiku ndiye kuti ikadali ndi mphamvu, ndalama zoisamalirira zimaima chaka chonse. Ndalama zimenezo ndizo zinkagula ufa, sopo ndi mankhwala pakhomopo. N'chifukwa chake mwana wawo Esinati anakumbitsa chimbudzi china pafupi ndi khonde, nkhuku nazo anagulitsa kuti bambo ake asamazithamangitse.

Lachitatu m'mawa kunafika uthenga woti a Zuze, mnzawo wa paubwana, amwalira kutsidya kwa dambo.

Esinati anabwera ndi wilibala atayalamo bulangete.

"Kwerani, bambo. Ndikukankhani."

"Wilibala ndi ya manyowa," anatero a Kamphinda akumanga nsapato. "Zuze anasenza bokosi la mayi ako kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, wapansi. Ine ndikafike pamaliro ake ngati thumba la feteleza?"

"Nanga tidya chiyani chaka chonse?"

"Khasu langa unalibisa kudenga. Ukalitsitse."

Ananyamuka. Atafika pachitsime chibangili chinayamba kulira, amayi otunga madzi n'kutembenuka onse. Esinati anaima pabwalo, manja ali pawilibala, misozi ili lengelenge. Kenaka anamanga chitenje n'kuthamangira bambo ake.

"Chibangilicho chikuti mwatsala ndi mapazi khumi," anatero ali wefuwefu.

"Chiuze chiwerenge bwino," anayankha a Kamphinda osacheuka. "Pobwerera ndidzera kumunda."