Penti Wobiriwira wa ku Nangongwe

Panali mayi wina ku Nangongwe, ku Kafue, dzina lake Mainess. Ankakhala m'nyumba ya lendi ndi ana ake, woyamba dzina lake Owen, ndipo pakhomo pomwepo ankagulitsa tomato ndi makala. Makoma anali akuda bii ndi utsi, koma nyumbayo ndi imene inkawasunga.

Mainess anali ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Prudence. Tsiku lina Prudence anayang'ana makomawo n'kupukusa mutu.

"Mwandi, unkala bwanji mu nyumba ya so? Penta! Kuli ka girini kena kozizila, kosawala maningi. Nizakusankila."

Mlongo wake wa Mainess, Lastone, atamva anamuchenjeza.

"Iwe, nyumba si yako. Yamba wakamba na ba landilodi, mumvane pamaso pa anthu."

Mainess anangoti ndi nsanje imeneyo. Anapita kutauni ndi Prudence, ndipo Prudence anasankha yekha penti wobiriwira mozizira ngati tsamba la kabichi. Mainess anapala makoma, anamata ming'alu, anapaka penti mpaka msana kuwawa. Mnzakeyo ntchito yake inali kukhala pampando, kuloza ndi chala ndi kujambula zithunzi pa foni.

Nyumba inakongola, zimenezo tisaname. Koma fungo la penti lisanathe n'komwe, mwininyumba anatulukira.

"Amake Owen, mwezi ukasila mufune kwina. Nyumba yapeza munthu."

Mainess anagwada, anachonderera, koma bamboyo sanasunthike. Mayiyo anathamangira kwa Prudence kukalira, Prudence nayenso misozi mbwembwembwe.

"Anthu ni oipa, mwandi," anatero akumusisita pamsana.

Tsiku losamuka, katundu wa Mainess ali mbwee panja, panafika galimoto yonyamula masofa atsopano. Anali obiriwira mozizira, ndendende makoma aja. Kutsogolo kunatsika Prudence, makiyi ali m'manja.

Apa m'pamene anthu oyandikana nawo anaulula. Prudence adagwirizana kalekale ndi mwininyumba, kungoti sankafuna kulowa m'nyumba yakuda, komanso sankafuna kudetsa manja ake. Ine nkhaniyi nditaimva inandinyansa, chifukwa munthuyu ankadya m'mbale imodzi ndi ana a Mainess.

Mainess anamuyandikira.

"Prudence, zoona ndiwe? Manje bana banga nizabapeleka kuti?"

"Usanikalipile, mwandi. Sembe sinine, sembe anangena wina."

Prudence anapita mpaka pakhomo, n'kusuzumira m'kati, kenako anatembenuka.

"Ka penti kamene kanasala unisiyileko. Kumbuyo kwa chiseko sunapente bwino."

Phunziro: Usakongoletse nyumba ya eni musanamvane ndi mwiniwake pamaso pa mboni. Ndipo mnzako akalimbikira kwambiri kukusankhira zinthu za m'nyumba mwako, dzifunse kuti akusankhira ndani. Tumizirani ena onse okhala m'nyumba za lendi, asadzapentere anzawo.