Chitseko cha Rumyana

Tsvetan anaima pakhomo la chipinda cha mwana wake Rumyana, atanyamula chitseko kumsana, thukuta lili kamukamu. Anachizula yekha mwanayo akadali ku pulayimale. "M'nyumba mwanga mulibe zobisa," anatero tsikulo. Chiyambire pamenepo chinali pakhonde, chitasanduka thebulo la mabotolo a tsabola woviika m'viniga.

Rumyana anali pabedi, lamba wachikopa atamumanga pamkono, nsonga yake ataigwira ndi mano. Pampando panali jakisoni ndi supuni yakuda ndi moto, yosungunulira mankhwala ozunguza bongo.

"Ndikubwezera chitseko chako," anatero Tsvetan. "Azakhali ako akubwera kudzadya nkhomaliro. Asaone nyansizi."

Rumyana analavula lambayo n'kuseka. "Lero mwawadziwa manyazi? Inu amene munkandipisa m'matumba, kundinunkhiza tsitsi ngati galu wa apolisi?"

"Tseka pakamwa! Ndinakulera kuti ukhale munthu."

"Munandilera ndi lamba uyu. Sanathe ntchito, akundithandizabe."

Kukhitchini, mkazi wa Tsvetan, Donka, anakweza wailesi, monga ankachitira kale lambayo akamalira.

Tsvetan anachikankhira chitsekocho pamalo pake. Chinakana. Mvula ndi chisanu cha zaka zonsezo zinali zitachitupitsa. Anachimenya ndi phewa, kenako ndi bondo, koma ayi ndithu.

Belu la pakhomo linalira.

"Chisiyeni, bambo," anatero Rumyana, akugogoda jakisoni ndi chala. "Si munkafuna kuona zonse? Musatembenuke. Penyani."