Wofunsa Mafunso Wochokera ku Zomba

"Galimoto ya apolisi mwaisiya kuti?" anafunsa a Chikomeni Jere, mkulu wa zachuma pa ofesi ina ku Mzimba. Akazi awo ankalira pakhomo atakumbatira bulangete lopita nalo kundende.

Enifa, mtsikana amene ankafunsidwayo, anaika tepi patebulo. Mafunso ake anali atawayeserera pagalasi, koma izi sanazikonzekere.

"Ndine mwana wa ku yunivesite ya ku Zomba, bambo. Mukapanda kundiyankha, ndilephera mayeso."

"Mesenjala anangoti kukubwera wofunsa mafunso kuchokera ku Zomba! Funsa, mwana wanga."

"Vuto lalikulu pantchito yanu n'chiyani?"

"Amene ndinawalowa m'malo analiyankha funso limenelo, mbwenu sanaonekenso. Funsa za mvula."

Enifa anafunsadi.

"Ikugwa bwino chomene, tithokoze Boma!" anafuula a Jere atayandikira tepi.

Kunja chimanga chinali chitafota.